Mmene mungazindikire luso la Asilamu a ku Spain pa makoma a matchalitchi akale a Katolika, ndi mmene mungalijambulire nokha

Mukalowa tchalitchi cha Katolika cha zaka za m'ma 1600 ku Mexico, ku Ecuador kapena ku Peru, maso amathamangira kutsogolo ku guwa, golide uja, ziboliboli za oyera mtima, angelo a masaya onenepa, ndipo anthu ambiri amathera pomwepo n'kutuluka. Koma pa makoma omwewo pali zinthu zina zopanda nkhope ya munthu, mizere yolukana, nyenyezi za nsonga 8, matailosi obwerezabwereza, njerwa zosanjidwa mokhotakhota, ndipo zimenezi gwero lake ndi amisiri achisilamu a ku Spain. Luso limeneli amalitcha mudéjar. Apa ndikuuzani poyang'ana ndi dongosolo lake, kaya mwapitako ndi ndege kaya mukungoona pa foni ndi bandulo yanu, kenako titenge pensulo chifukwa ine ndimaona kuti munthu amene sanajambulepo yekha nyenyeziyi saiona bwinobwino ngakhale itakhala pamphuno pake.

Kambiri pang'ono kaye, mwachidule. Asilamu ochokera kumpoto kwa Africa anawoloka nyanja kulowa Spain mu 711 motsogozedwa ndi Tariq ibn Ziyad, ndipo ufumu wawo womaliza, Granada, unagwa mu Januwale 1492, chaka chomwecho chimene Columbus ananyamuka ulendo wake. Pakati apa mafumu achikhristu ankalanda mizinda umodzi umodzi, Córdoba mu 1236, Seville mu 1248, koma amisiri sankawathamangitsa msanga ayi, ankawafuna, nde munthu yemwe bambo ake ankakongoletsa mzikiti iye ankakongoletsa tchalitchi ndi zida zomwezo. Nsanja ya Giralda ku Seville inamangidwa ngati nsanja ya mzikiti n'kutha mu 1198, mabelu anadzaikidwa pamwamba pake mu 1568. Ndipo kuyambira 1503 malonda onse opita ku America ankadzera ku Seville, zombo, matailosi, akalipentala, zonse, choncho kukoma kwa maso kwa anthu a ku Seville ndi kumene kunawoloka nyanja.

Chinthu chimodzi chigwireni musanayambe: musamanene kuti "tchalitchi ichi anamanga ndi Asilamu". Malamulo a mfumu ankaletsa Asilamu ngakhalenso amene anali atangobatizidwa kumene kupita ku America, ndipo pakati pa 1609 ndi 1614 ana awo anathamangitsidwa mu Spain momwe. Pofika nthawi imeneyo lusoli linali litasanduka ntchito wamba ya mmisiri aliyense wa ku Spain, moti Diego López de Arenas anasindikiza buku la malamulo a ukalipentala umenewu ku Seville mu 1633, ndipo ku Mexico mmonke wa chipani cha Carmel, Andrés de San Miguel, analembanso zake. Manja amene anagwira ntchito yeniyeni ambiri anali a eni nthaka, anthu olankhula Nahuatl, Purépecha, Quechua, komanso anthu akuda omwe anatengedwa ukapolo. Nchifukwa chake mudzaona nyenyezi ya ku Seville itakhala pambali pa duwa la ku Mexico ndipo palibe chachilendo.

Yambirani panja, pakhomo

Osalowa kaye. Imani patali ndithu muyang'ane khomo lalikulu. Khomo lambiri limakhala lokhota pamwamba, nde funso ndi lakuti, kodi kukhotako kwazunguliridwa ndi felemu ya makona anayi? Ngati pali mzere wotukuka wokwera mbali iyi, n'kudutsa pamwamba, n'kutsika mbali inayo, kutsekera khomo lokhotalo m'bokosi, imeneyo ndi alfiz, ndipo ndi chizindikiro chosavuta kuposa zonse. Ku mzikiti wa Córdoba ili paliponse. Ku Mexico ili pa nyumba za amonke za m'ma 1500, ndipo ku Huejotzingo a Franciscan anaisema ngati chingwe chawo cha mfundo chija amamanga m'chiuno, felemu yachisilamu koma chingwe cha Francis Woyera, ine zimenezi zimandisangalatsa kwambiri. Ku Angahuan m'chigawo cha Michoacán, tchalitchi cha Santiago chili ndi alfiz yaitali yodzadza ndi zosema. Yang'ananinso timakona tiwiri totsala pakati pa kukhota ndi felemu, ndi momwe amisiri ankadzazamo maluwa kapena zizindikiro.

Khomo lokhota mopitirira theka la bwalo n'kuyamba kupanikizika m'munsi, lomwe anthu amaliganizira msanga akamva za Morocco, ku America silipezeka kawirikawiri, nde musataye nthawi kulisaka.

Kenako khoma lenilenilo

Apa pali mitundu itatu yomwe muyenera kuisiyanitsa, ndipo zimadalira zomwe dera linali nazo.

Ku Mexico City ndi madera ozungulira fufuzani ajaracas. Iyi ndi mizere yolukana yotukuka pang'ono pa pulasitala wa laimu ndi mchenga, imakuta khoma lonse ngati ukonde, nthawi zina m'mipata muli kaduwa kapena kamtanda. Katchalitchi ka La Conchita ku Coyoacán kali nazo kumaso kwake. Zimaoneka bwino dzuwa likamawomba cham'mbali, m'mawa kapena madzulo, masana dzuwa lili paliwombo mthunzi umasowa ndipo khoma limangooneka ngati losalala, choncho posankha zithunzi pa intaneti sankhani zokhala ndi mthunzi.

Ku Puebla, mzinda wa ku Mexico womwe unakhazikitsidwa mu 1531, nkhani ndi njerwa zofiira zosakaniza ndi matailosi. Njerwa amazigoneka mopingasa, ina uku ina uku, mmene timalukira mkeka, ndipo pa mphambano amaikapo katailosi koyera ndi buluu, kasanjidwe kameneka amati petatillo. Matailosiwo ndi Talavera, dothi lowotcha lokutidwa ndi galasi loyera lomwe kuyera kwake kumachokera ku chitsulo cha tini, luso lomwe linafika ku Spain kudzera mwa Asilamu, ndipo bungwe la UNESCO linalilemba pa mndandanda wake wa chuma cha chikhalidwe mu 2019. Tchalitchi cha San Francisco Acatepec pafupi ndi Cholula ndiye chinapyola muyezo, nkhope yonse matailosi okhaokha mpaka mizati. Koma apa chenjerani, maonekedwe a tchalitchicho ndi baroque, kamangidwe ka ku Ulaya kodzadza ndi zopotapota, chachisilamu ndi luso la tailosi ndi mtima wofuna kukuta khoma lonse osasiya malo, osati chilichonse chomwe mukuona. Ndipo buluu ndi zoyera zija mbali ina zinatengera mbale za ku China zomwe zinkabwera ndi zombo za ku Manila ku Philippines kudzera pa doko la Acapulco ku Mexico kuyambira 1565. Mukakhala ku Cholula komweko lowaninso Capilla Real, mizati mizeremizere ndi timadenga tozungulira toposa 40, aliyense amene anaonapo chithunzi cha mzikiti wa Córdoba amazindikira nthawi yomweyo.

Mtundu wachitatu ndi njerwa zokhazokha popanda penti kapena tailosi wambiri, kukongola kumachokera pa kasanjidwe basi, ina yatuluka ina yalowa, n'kupanga madayamondi ndi mano. Chitsanzo ndi Torre Mudéjar ku Cali ku Colombia, nsanja ya a Franciscan ya m'ma 1700. Iikeni pambali pa nsanja za ku Teruel ku Spain, zomwe UNESCO inazilemba mu 1986, muona ubale wake.

Mukalowa, yang'anani pansi kaye

Zikumveka zachilendo eti, koma yambani ndi khoma kuchokera pansi kufika m'mapewa kapena kupitirira pang'ono. Mwambo wa ku Andalusia, kumwera kwa Spain, unali wakuti m'munsi mwa khoma matailosi, pamwamba pake pulasitala wosema, pamwamba penipeni matabwa, ndipo dongosolo limeneli ndi lomwe mukulisaka. Lili ndi nzeru zake, tailosi imatsukika, imateteza ku chinyontho ndi misana ya anthu otsamira, komanso imazizira. Ku Lima ku Peru pitani m'makonde ozungulira bwalo la mkati la amonke, ku Santo Domingo kuli matailosi ochokera ku Seville olembedwa zaka 1604 ndi 1606, ku San Francisco kuli a 1620.

Tsopano kusiyanitsa matailosi, apa ndi pomwe mungaoneke odziwa. Pendeketsani mutu muyang'ane cham'mbali kuwala kukugunda. Ngati mtundu uliwonse ndi kachidutswa kakekake kodulidwa n'kulumikizidwa, imeneyo ndi alicatado, ku Morocco amati zellij, ntchito yodula ndi yochedwa kwambiri ndipo ku America ndi yosowa. Ngati tailosi ndi imodzi ya makona anayi koma mitundu yalekanitsidwa ndi kamzere kakuda kosawala, ndi cuerda seca, ankajambula mzerewo ndi mafuta osakaniza manganese kuti mitundu isalowerane mu uvuni. Ngati yalekanitsidwa ndi timizere totukuka, ndi arista, ankadinda dothi ndi chikombole. Ndipo ngati tailosi ndi yosalala yojambulidwa ndi burashi, maluwa, mbalame, oyera mtima, chikasu chambiri, njira imeneyo inabwera ku Seville ndi Mtaliyana Niculoso Pisano cha m'ma 1500 koyambirira, ndipo ambiri a ku Lima ndi amenewa. Nde ku Lima chizolowezi chokuta khoma m'munsi ndi cha mudéjar, koma kajambulidwe kambiri ndi ka ku Italy. Osagwira ndi zala chonde, ndipo malo ena salola kujambula zithunzi mkati, funsani pakhomo.

Mizati ndi mayeso a chala

Ngati muli ndi mwayi woona tchalitchi chimodzi chokha pa nkhani ya makoma, ine ndingati La Compañía ya a Jesuit ku Quito ku Ecuador, anayamba kumanga mu 1605 n'kumaliza mu 1765. Anthu amachitchula chifukwa cha golide, koma yang'anani zomwe golideyo wakuta pa mizati ndi pa denga lokhota, ndi malamba olukana, owongoka, othyoka m'makona, golide pamwamba pa zofiira, popanda tsamba kapena nkhope. Kulukana kumeneku amati lazo kapena lacería.

Mayeso ake ndi awa. Sankhani lamba mmodzi, mumutsate ndi chala m'malere. Akafika pa mphambano adutsa pamwamba pa mnzake, pa mphambano yotsatira alowa pansi, kenako pamwamba, pansi, osaphonya. Ndipo satha, amathyoka n'kupitirira mpaka kukagunda felemu kapena kubwerera pomwe anayambira. Chachiwiri werengani nsonga za nyenyezi, zambiri ndi 8, zina 6, 10, 12 kapena 16. Chachitatu fufuzani kagawo kamodzi komwe kakubwerezedwa, mukakapeza khoma lonse lamasuka. Baroque siichita zimenezi, iyo imapota, imafufuma, masamba, mphesa, timitu ta angelo, ndipo mzere sungautsate. Capilla del Rosario ya ku Puebla yomwe inatsegulidwa mu 1690 ndi Santa María Tonantzintla ndi zokongola zedi ndipo anthu ena amangozitcha za Amoor, ndiye kuti Asilamu a ku Spain aja, chifukwa zadzadza, koma kudzadza pakokha si umboni, zimenezo ndi baroque.

Kenako kwezani maso pomwe khoma likukumana ndi siling'i. Kunena zoona mudéjar wamphamvu kwambiri ku America ali m'matabwa a pamwambawa, nde ngakhale nkhani yathu ndi makoma simungawasiye. Cathedral ya ku Tlaxcala ku Mexico, yomwe kale inali ya a Franciscan ndipo inalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2021, ili ndi siling'i ya matabwa akuda ndi nyenyezi zagolide. Ku Quito onani San Francisco ndi Santo Domingo, ku Sucre ku Bolivia San Miguel ndi San Francisco, ku Peru Andahuaylillas. Funsaninso ngati zomwe mukuona ndi zoyambirira, chifukwa madera amenewa ndi a zivomerezi, siling'i ya pakati pa San Francisco ku Quito inawonongeka ndi chivomerezi cha 1755 n'kuikapo ya baroque, mudéjar inatsala kumalo a kwaya ndi pomwe mbali za tchalitchi zimadutsana ngati mtanda, ndipo denga lozungulira la pamasitepe ku San Francisco ya ku Lima linagwa mu 1940 n'kumangidwanso mu 1969.

Msampha wina ndi wa zaka. M'ma 1800 azungu anayambanso kukopera maonekedwe a Amoor mwadala ngati fasho, nde pali matchalitchi a nthawi ya atsamunda omwe amaoneka achiarabu kuposa a ku Mexico koma nkhani yake ndi ina. Chitsanzo chomwe chikutikhudza ife ndi nyumba yomwe kale inali Cathedral ya Saint Louis ku Carthage ku Tunisia, yomangidwa pakati pa 1884 ndi 1890 mosakaniza kamangidwe ka Byzantine, ka matchalitchi akale a Chigiriki, ndi ka Amoor. Anaimangitsa ndi Kadinala Lavigerie, yemwe anayambitsa a White Fathers ku Algeria mu 1868, omwe aja anafika kwa Mponda mu 1889 n'kudzatsegula Mua mu 1902. Kumeneko kunali kusankha kwa wojambula mapulani, pomwe ku Tlaxcala kalipentala ankangopanga denga mmene anaphunzirira.

Kwa inu ofufuza pa foni, Chingelezi sichikupatsani zambiri, lembani m'Chisipanishi: artesonado mudéjar, ajaracas, lacería, alfiz, petatillo, kenako dzina la mzinda. Wikimedia Commons ili ndi zithunzi zazikulu zoti mutha kukulitsa mpaka kuona mphambano.

Tsopano tengani pepala

Mukufunika rula, pensulo, labala ndi kampasi ya mu seti ya masamu ija. Jambulani bokosi la masentimita 20 mbali zonse. Lembani mizere iwiri kuchokera pa kona kupita pa kona, pomwe yakumana ndiye pakati. Lembaninso mzere woimirira ndi wogona kudutsa pakatipo. Tsegulani kampasi masentimita 10, bayani pakati, zungulizani, bwalolo likhudza mbali zonse zinayi. Tsopano onani, mizere inayi ija yadula bwalo pa malo 8 otalikirana mofanana.

Lumikizani kadontho ka pamwamba, ka kumanja, ka pansi, ka kumanzere, mwapeza bokosi loima ndi kona. Lumikizani madontho anayi otsalawo, mwapeza bokosi loima bwinobwino. Mabokosi awiriwa atasanjikizana ndiyo nyenyezi ya nsonga 8, basi yatha, palibe matsenga.

Zokoma zikubwera mukabwereza. Jambulani mabokosi anayi ogundana, awiri pamwamba awiri pansi, lililonse nyenyezi yake. Nsonga zigundana pa malire, ndipo pakati pomwe makona a mabokosi anayiwo akumana patsala mpata, uyang'aneni bwino, ndi mtanda wa mikono yosongoka. Simunaujambule, wangotuluka wokha. Nyenyezi ndi mtanda umenewu uli m'nyumba zachisilamu kuyambira ku Iran mpaka ku Morocco ndipo kumeneko unali masamu chabe, koma mutha kuona chifukwa chake wansembe sakanavutika nawo m'tchalitchi.

Kuti isanduke lazo musafufute mizere ya mkati. Mzere uliwonse usandutseni lamba, lembani mzere wina mamilimita 7 mbali iyi ndi wina mamilimita 7 mbali inayo, n'kufufuta wapakati. Mudzaona kuti mizere yopendekeka siithera pa nsonga, imapitirira molunjika kulowa mu nyenyezi yoyandikana nayo mpaka kumapeto kwa pepala, pomwe mabokosi oima bwino aja amakhala mphete zotsekeka. Kenako sankhani mphambano imodzi, gamulani lamba wodutsa pamwamba pofufuta timizere ta mnzakeyo, ndipo tsatirani lamba yemweyo, pansi, pamwamba, pansi. Osadumphadumpha kuyamba kona ina chifukwa mukakumana pakati zikakana. Zikakana ngakhale munatsata bwino ndiye kuti mwalumpha mphambano penapake, bwererani, kawirikawiri ndi ya pa nsonga ija yomwe imaiwalika. Pensulo ikhale yosongoka, millimita imodzi yolakwika pa nyenyezi yoyamba ikafika pa yachisanu yasanduka theka la sentimita.

Kuziika pa khoma

Ngati mukufuna kuyesa pa khoma la pakhonde, pa mpanda kapena pa grotto ya ku parishi, yambani ndi kadera kakang'ono, mita imodzi mbali zonse, mabokosi a masentimita 25 anayi uku anayi uku. Pa nyumba ya tchalitchi pemphani kaye kwa bambo mfumu ndi komiti, ndipo khoma lakale la mbiri lisiyeni mmene lilili.

Njira yosavuta ndi yopala, yofanana ndi esgrafiado ya ku Segovia ku Spain. Pakani pulasitala woyamba wa mtundu woderako, mutha kuthiramo okusaidi wofiira pang'ono, mumusiye wokhakhala agwire. Laimu wa m'thumba munyikeni m'madzi masiku angapo akhale phala, kenako muyezo umodzi wa laimu ku miyezo iwiri kapena itatu ya mchenga wosefa. Nyowetsani khoma, pakani wachiwiri woyerayo wochindikala mamilimita 5 mpaka 8, salazani ndi mpeni. Simenti yambiri ayi, imauma msanga ndipo simupala. Valani magolovesi ndi magalasi, laimu amawotcha khungu ndipo m'maso ndiye zoopsa.

Chithunzi chanu chikhale chokonzeka kale pa pepala lolimba, la thumba la simenti limagwira ntchito, mutaboola timabowo ndi msomali motsata mizere yonse. Pulasitala akalimba moti chala chikungosiya kachizindikiro pang'ono, gwiritsani levulo ndi chingwe kulemba mabokosi pa khoma, ikani pepala pa bokosi lililonse, gundagundani ndi kansalu komangamo makala osinja, madontho akuda atsala. Dulani motsata madontho ndi kampeni kakuthwa mutakapendeketsa kunja pang'ono kuti madzi a mvula azitsetsereka, palani mipata mpaka mtundu wa pansi uoneke, malamba atsale otukuka. Pa mphambano musapale, ingolembani timizere tiwiri tosaya m'mbali mwa lamba wapamwamba, diso limaliza lokha. Pakani gawo lomwe mungathe kulipala tsiku lomwelo, ndipo malire a ntchito ya lero akhale m'mphepete mwa lamba kuti mawa polumikiza pasaoneke. Mukamaliza phimbani ndi ziguduli zonyowa, muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata, dzuwa la Okutobala likamenya laimu wosakhwima amang'aluka n'kuyamba kuyoyoka.